Tsiku la mpira, wophika naye aone chigoli

Mumzinda wa Blantyre muno, tsiku lomwe Maule akukumana ndi Manoma silichita kufunsa. Kukangocha, anyamata a kabaza amakhala atamangirira kale tinsalu tofiira kapena ta buluu panjinga zawo, mavuvuzela akulira kuyambira ku Chinseu mpaka ku Namiyango, ndipo m'minibasi kondakitala amaiwala kupereka chenji kaamba ka mkangano wa yemwe alire madzulo ake. Omwe ali ndi ya pachipata amalowera ku Kamuzu Stadium. Otsalafe, omwe ndife ambiri, timasonkhana pakhomo pomwe pali kanema.

Nkhani yanga sabata ino ili pakhomo pamenepo.

Mpira wa muligi yathu umayamba cha m'ma 2:30 kapena 3 koloko masana. Alendo amayamba kufika 1 koloko, ati kudzagwira malo. Tonse tikudziwa tanthauzo lake: sadadye. Ndipo mwambo wathu sulola kuti munthu akhale pampando wako m'mimba mukulira. Ndiye mayi wa pakhomopo, kapena mlongo wake wa bambo, kapena mtsikana wamkulu, amayatsa mbaula. Aphike nsima ya anthu khumi, akonze ndiwo ziwiri, azungulire ndi madzi osamba m'manja, atole mbale, akatsuke. Pomwe m'nyumba mukuphulika chimkokomo, iye amakhala ali kuseri, manja ali thovu lokhalokha. Amathamangira pakhomo nkufunsa kuti, “Wagoletsa ndani?” Koma palibe amamuyankha, aliyense ali kalikiliki kukumbatira mnzake.

Ena anena kuti amayi sakonda mpira. Mawu amenewo adatha ntchito. Mu 2023 timu yathu ya amayi, Scorchers, idatenga chikho cha COSAFA itagonjetsa Zambia 2-1 mundime yomaliza. Tabitha Chawinga adakhalapo katswiri womwetsa zigoli zambiri muligi ya ku Italy komanso ya ku France. Mng'ono wake, Temwa, adachita zomwezo ku America mu 2024 ndi timu ya Kansas City Current. Dziko lomwe ana ake aakazi akugwedeza maukonde kunja konseko silinganene kuti malo a mkazi patsiku la mpira ndi pambaula.

Mfundo yanga ndi imodzi: chakudya cha tsiku la mpira chizikhala choti chapsa woyimbira asadaimbe wezulo, chodyeka m'manja maso ali pakanema, komanso chosasiya mulu wa mbale. Chikatero, wophika naye akhala pansi nkuonera.

Sindikunyoza nsima, ndidakulira yomweyo. Koma nsima ili ndi malamulo ake. Imafuna kuidya yotentha. Woiphika sangaisiye pamoto kuti akaone penate. Woidya ayenera kuyang'ana m'mbale, makamaka ndiwo zikakhala za minga. Nsima ndi chakudya chaulemu, chofuna mtima uli m'malo. Mpira wa Bullets ndi Wanderers ulibe ulemu wotero. Munthu amadzambatuka mosadziwa, mbale ya msuzi nkutayikira pamkeka.

Chomwe chimagwirizana ndi tsikuli ndi buledi wodzaza ndi ndiwo mkati, uja ena amati sangweji. Dzinali lidachokera kwa mkulu wina wa ku England wa m'zaka za m'ma 1700, John Montagu, yemwe udindo wake unkatchedwa Earl of Sandwich. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yoti mkuluyu sankafuna kuchoka patebulo la masewero a makadi, ndiye adauza antchito ake kuti amuikire nyama pakati pa buledi kuti azidya uku akusewera. Kaya zidalidi choncho kaya adangomukometsera, phunziro lake ndi lomveka: ichi ndi chakudya cha munthu yemwe maso ake ali pa zina.

Koma musaganize za tisangweji topyapyala ta m'mahotela, tomwe umadya tinayi nkumafunsabe kuti chakudya chibwera nthawi yanji. Abale athu omwe adakhalako ku Joni akudziwa za kota. M'makomboni a ku Soweto ndi Tembisa amatenga lofu, nkuidula panayi, nkukumba mkati mwa chigawo chilichonse, nkudzazamo tchipisi, poloni, soseji, dzira ndi atcha wa mango. Dzina loti kota likuchokera pa gawo limodzi la magawo anayi a lofuyo. Ku Durban amathira nyama kapena nyemba za kale mu buledi wokumba chimodzimodzi, amati bunny chow. Ku Cape Town kuli Gatsby, buledi wamtali wodzaza tchipisi ndi nyama yemwe amadula panayi kuti anthu agawane. Zonsezi zidabadwira kwa anthu wamba, ogwira ntchito zolemetsa, ofuna kukhuta ndi ndalama yochepa.

Ifenso nzeruyi tili nayo kale, kungoti sitidaipatse dzina. Pitani pachiwaya chilichonse ku Goliyo, kwa Nthukwa kapena ku Luwanda nthawi ya nkhomaliro. Mupeza mnyamata wagula banzi, aja tidawatcha Obama, waling'amba pakati nkuthiramo tchipisi, kabichi ndi tsabola. Wina waikamo kanyenya. Chomwe ndikunena pano ndi chomwecho, koma chokonzedwa pakhomo, mwaukhondo, chokwanira gulu.

Tiyerekeze kuti mukhala anthu asanu ndi atatu. Mufunika malofu awiri a buledi wosadula, mbatatesi makilogalamu awiri, nyama ya ng'ombe theka la kilogalamu, mazira asanu ndi atatu, matimati asanu ndi limodzi, anyezi atatu akuluakulu, theka la kabichi, mapeyala awiri akupsa, mandimu awiri, adyo pang'ono, jinja, mchere, tsabola wa kambuzi ndi mafuta ophikira theka la lita. Zonsezi zimapezeka mumsika wa Ndirande, wa Zingwangwa, wa Bangwe kapena wa Limbe. Mbatatesi yabwino ya ku Ntcheu ndi Dedza imafika mumzinda muno tsiku ndi tsiku, ndipo nyengo yake ikakwana mapeyala a ku Thyolo ndi Mulanje amachita kutayika.

Tiyambe ndi buledi, poti ndiye nyumba ya zonse. Gulani wosadula. Wodulidwa kale ndi makina ndi wopyapyala, sangasenze katundu yemwe tikufuna kumusenzetsa. Ndipo musathamangire wotentha wongotuluka kumene mu uvuni. Ameneyo ndi wokoma ndi tiyi, koma ndi wofewa kwambiri, amaphwanyika pokumba. Wogula dzulo madzulo ndiye wabwino, amakhala atalimba pang'ono. Dulani lofu iliyonse panayi mopingasa. Pachigawo chilichonse, lowetsani mpeni mozungulira nkuchotsa chofewa cha mkati, koma musabowole. Siyani pansi ndi m'mbali mochindikala ngati chala. Chomwe mwachotsacho musataye, chikhala chivindikiro.

Ngati kukumbaku kukuchedwetsani, pali njira yachidule. Ng'ambani lofu yonse m'litali ngati mukutsegula buku, chotsaniko chofewa pang'ono, dzazani, tsekani, kenako muidule panayi nthawi yakudya ikakwana. Kukoma kwake nchimodzimodzi.

Musadayatse moto, konzani zozizira. Dulani kabichi mopyapyala kwambiri, muwaze mchere pang'ono nkumusiya mphindi khumi. Mchere umakoka madzi. Mukatero mufinyeni ndi manja oyera, nkuthira madzi a ndimu limodzi. Matimati anayi muwadule mozungulira nkuchotsa njere ndi madzi ake. Awiri otsalawo ndi a nyama. Mapeyala muwakande ndi foloko pamodzi ndi mchere ndi madzi a theka la ndimu. Ndimuyo imathandiza kuti peyala lisade msanga. Peyala lokandali ndi lomwe lilowe m'malo mwa majarini kapena mayonezi, ndipo pa nyengo yake ndi lotsika mtengo kuposa zonse ziwirizo. Kambuzi mumusinje payekha nkumuika m'kambale. Musamuthire m'chakudya cha onse. Pagulu pamakhala ana, pamakhala a zilonda za m'mimba, pamakhalanso aja amadzitama kuti tsabola sawamva koma akangolawa misozi ili chuchuchu.

Nyama muidule mopyapyala, mopingasa mitsempha yake, kuti isavute kuluma. Kumbukirani kuti wodya alibe mpeni, ndipo nthuli yolimba ikakana kuduka imakoka zonse za mkati nkugwetsera pamalaya. Ipakeni adyo ndi jinja wosinja, mchere ndi madzi a theka la ndimu lotsala lija, ikhale choncho kwa ola limodzi pamalo pozizira, yovindikira. Ngati mwapeza nyama ya ng'ombe yokalamba, yambani mwaiwiritsa m'madzi ochepa mpaka madziwo aphwe, kenako muikazinge.

Mbatatesi muisende nkuidula kukula ngati chala. Iviikeni m'madzi kwa theka la ola kuti ufa woyera uja umachititsa tchipisi kumatana uchoke. Kenako muiumitse bwinobwino pansalu yoyera. Apa musachite ulesi. Madzi akakumana ndi mafuta otentha amathetheka, ndipo anthu ambiri apsa nkhope ndi manja chifukwa cha zimenezi. Ana akhale kutali ndi mbaula nthawi yonse yomwe mafuta ali pamoto.

Tsopano yatsani mbaula. Makala adakwera mtengo, ndiye tsatani ndondomeko yoti moto umodzi ugwire ntchito zonse. Yambani ndi tchipisi moto ukadali waukali. Chinsinsi cha anyamata a pachiwaya nchoti amakazinga kawiri. Koyamba, mafuta asatenthe kwambiri, mbatatesi ingofewa osafiira, nkuitsanula. Kachiwiri, mafuta atenthe ndithu, muibwezeremo mpaka ifiire nkukhala yokhuthala kunja. Kuti mudziwe ngati mafuta afika, ponyanimo kachidutswa kamodzi. Kakayamba kuthetheka nkuyandama msanga, ndiye kuti zatheka. Musadzaze chiwaya. Mukathira yambiri nthawi imodzi mafuta amazizira, mbatatesi nkumangomwa mafutawo. Mchere muwaze mukangotsanula.

Mukatha tchipisi, chepetsani mafuta, mutsale ochepa. Kazingani nyama pang'onopang'ono pamoto waukali kuti ifiire, isawire m'madzi ake. Itsanuleni. M'chiwaya momwemo thiranimo anyezi wodula mozungulira, akazingike mofatsa mpaka afewe nkuyamba kutsekemera. Onjezani matimati awiri aja, aphike mpaka asanduke phala lokhuthala, nkubwezeramo nyama. Gwirani mawu awa: mdani wa buledi ndi msuzi. Ndiwo za nsima timafuna zikhale ndi msuzi woti tisunse, koma za mu buledi zikhale zouma, zongonyowa pang'ono. Mukapendeketsa chiwaya nkuona madzi akuyenda, ndiye kuti sizidafike.

Mazira akazingeni moto utayamba kuchepa. Mutha kukazinga limodzilimodzi mpaka chikasu chake chilimbe, kapena kuwamenya onse pamodzi ndi mchere, nkukazinga chimkate chimodzi chochindikala chomwe mudule pasanu ndi patatu. Njira yachiwiriyi ndi yachangu ndipo siyambitsa mkangano woti dzira la uje ndi lalikulu.

Pomaliza, makala atatsala ofiira opanda malawi, wambani buledi uja. Ikani zigawo zokumba zija pawaya kapena pachiwaya chouma, kukamwa kwake kutayang'ana pansi, pamodzi ndi zivindikiro zake, kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Anthu ambiri amadumpha ntchito imeneyi, chonsecho ndi yomwe imalimbitsa buledi kuti asanyowe msanga.

Kudzaza nakonso kuli ndi dongosolo. Pakani peyala mkati monse. Pansi ikani tchipisi, chifukwa ndi chouma ndipo chimamwa madzi otsika kuchokera pamwamba. Pamwamba pa tchipisi ikani nyama ndi anyezi wake, kenako dzira, kenako matimati, nkumalizira kabichi. Tsekani ndi chivindikiro chija nkukanikiza ndi dzanja kuti zonse zigwirane. Mukasemphanitsa, nkuyamba ndi matimati pansi, pofika nthawi yopumulira mupeza pansi pabowoka.

Chokulungira chabwino ndi tsamba la nthochi. Litsukeni, mulipukute, nkulidutsitsa pamoto kuti lifewe monga timachitira pophika mkate. Silidula ndalama, limasunga kutentha, ndipo mukatha kudya limapita kudzala nkukaola. Pepala loyera la khaki nalonso ndi labwino. Majumbo opyapyala asiyeni. Chakudya chotentha chimachita thukuta m'menemo, ndiponso ndi omwe atitsekera ngalande ndi kudzaza mumtsinje wa Mudi ndi Nasolo. Nyuzipepala inonso muiwerenge, muisunge, koma musakulungire chakudya. Inki si ndiwo.

Nanga nthawi? Ngati mpira ukuyamba 2:30, pitani kumsika m'mawa. Pofika 12 koloko zodula zonse zikhale zitatha. Yatsani mbaula 12:30. Pofika 2 koloko muzikhala mukudzaza, ndipo 2:15 zonse zikhale zili mubeseni loyera, lovindikira ndi nsalu. Wophika asambe, avale malaya a timu yake, akhale pampando wabwino. Mutha kudya mpira ukungoyamba kapena kudikira mphindi 15 zopumulira. Okonda mpira wa ku England, womwe Loweruka umayamba 4 kapena 5 koloko madzulo nthawi ya kuno, angosuntha ndondomekoyi. A Champions League, omwe amayamba 9 kapena 10 koloko usiku, aphike madzulo omwewo, osati masana.

Ndanena zimenezi dala. A zaumoyo amalangiza kuti chakudya chophika chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala mumzinda muno mukukudziwa. Dzira, nyama ndi peyala zotsekeredwa mu buledi wofunda sizichedwa kusasa. Chomwe chatsala mpira ukatha, ngati mulibe firiji, chidyedwe pomwepo. Chisagone kuti ana adzatenge kusukulu Lolemba.

Palinso nkhani ya m'manja. Pakakhala nsima, palibe amaiwala kusamba. Pakakhala buledi, anthu amangotola, ngati kuti buledi sadyedwa ndi manja omwewo agwira ndalama, chitseko cha minibasi ndi dzanja la aliyense pamsewu. Sitidaiwale kolera yemwe adayamba mu Malichi 2022 nkupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Ikani ndowa, jagi ndi sopo pakhomo. Aliyense asambe mothiriridwa, osati mubeseni limodzi. Kabichi ndi matimati, poti zidyedwa zaziwisi, zitsukidwe ndi madzi owiritsa kapena othira mankhwala a klorini. Mpeni ndi thabwa lomwe mwadulira nyama yaiwisi zisakhudze kabichi musadazitsuke ndi sopo. Ndipo ngati mwaganiza zoikamo poloni kapena soseji monga amachitira ku Joni, zikazingeni zipse. Pakati pa 2017 ndi 2018, anthu oposa 200 adamwalira ku South Africa ndi matenda a listeriosis omwe adapezeka kuti amachokera mu poloni. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako.

Tsopano tikambe za m'thumba, poti ndikudziwa ena afika pano akupukusa mutu. Nzoona, zinthu zidakwera. Chichokereni pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, buledi ndi mafuta ophikira sizogula mosaganiza. Tirigu wambiri yemwe timapangira buledi amachokera kunja, ndiye dola ikasowa lofu imamva. Koma taonani mbali inayi. Nsima ya anthu khumi imagwera mwini nyumba yekha, chifukwa palibe mlendo angabwere ndi ufa m'thumba. Buledi wodzaza ndi wosavuta kugawana. Uyu abweretse malofu, uyo mazira, wina mbatatesi, wina mafuta, wina thobwa kapena Sobo. Mwini nyumba apereke makala, kanema ndi malo okhala. Mutu umodzi susenza denga. Uzanani Lachinayi kuti aliyense adziwe chake, kuopa kuti anthu asanu angabwere ndi kabichi yekhayekha. Ndipo m'bale wathu uja amati alibe kanthu koma pafoni wabetcha matimu khumi ndi awiri, mumuuze mwachikondi kuti ndalama ya tikiti imodzi igule anyezi. Pa anyezi palibe kuluza.

Nyama ikakanika, musaimitse phwando. Soya pisi mapaketi atatu amakwana anthu asanu ndi atatu. Muviikeni m'madzi otentha mphindi khumi, mumufinye kwambiri, nkumukazinga yekha mpaka afiire musadathire anyezi ndi matimati. Ambiri amadana ndi soya chifukwa amamudya wowiritsa, wonyowa ngati siponji. Wokazinga bwino, ali pakati pa tchipisi ndi dzira, ena sazindikira nkomwe. Chiwindi ndi nthutumba za nkhuku nazo zimakoma. Ngakhale nyemba zophika, zouma msuzi, zokanyakanya ndi anyezi wokazinga, zimakhutitsa kuposa nyama. Mbatatesi ikadula, mbatata ya kholowa kapena chinangwa chokazinga zimalowa m'malo.

Musaiwalenso kufunsa omwe mwawaitana. Blantyre ndi mzinda wa anthu a zipembedzo zosiyanasiyana. Mnzanu wachisilamu adzafuna kudziwa ngati nyamayo ndi yozinga, ndipo iye pamodzi ndi wa Seventh Day sadya nkhumba. Nkosavuta kugula nyama yomwe aliyense angadye kusiyana nkuti wina azingoyang'ana anzake akutafuna. Ana muwadulire theka la chigawo, ndipo alandire poyamba. Akuluakulu omwe ali ndi vuto la shuga kapena kuthamanga kwa magazi muwachepetsere tchipisi ndi mchere, muwachulukitsire kabichi ndi nyemba, ndipo buledi wa bulauni akapezeka ndi wabwino kwa iwo. Tinene zoona, ichi si chakudya cha tsiku lililonse. Ndi cha tsiku la mpira, monga mpunga wa nkhuku udali wa Khirisimasi.

Funso lalikulu latsala: aphike ndani? Yendani mu Ndirande monse, mu Machinjiri, mu Chilomoni, muwerenge ziwaya. Pafupifupi paliponse wokazinga tchipisi ndi mwamuna. Wowotcha kanyenya ndi mwamuna. Wodula kabichi mwaluso, mpeni ukuchita kuimba, ndi mwamuna. Ndiye luso limeneli limathawira kuti tikafika pakhomo? Ntchito yomwe ndafotokozayi ilibe mthiko, ilibe chipande, ilibe chilichonse chomwe bambo anganamizire kuti sadaphunzire. Anthu atatu akagawana, wina kusenda, wina kudula, wina pamoto, imatha mu ola limodzi ndi theka. Anzanu aja amabwera 1 koloko kudzagwira malo, apatseni mpeni ndi mbatatesi. Mkangano wa yemwe adali katswiri pakati pa Kinnah Phiri ndi Lawrence Waya, kapena ngati kudzakhalenso wotseka kumbuyo ngati Jack Chamangwana, umakoma bwino manja akugwira ntchito.

Ndikudziwa kuti alipo omwe anene kuti buledi si chakudya, munthu ukadya buledi ndiye kuti wagona ndi njala. Awa ndi aja amabwera kuukwati, nkudya mpunga mbale ziwiri, pofika kunyumba nkufunsa nsima. Sindilimbana nawo. Ndingowapempha kuti amalize kaye chigawo chimodzi chodzaza bwino, chokhala ndi mbatatesi, nyama, dzira ndi peyala, kenako tikambirane. Akafunabe nsima, ufa uli m'thumba ndipo mbaula ikadali yofunda. Mpira ukatha atha kudziphikira, palibe awaletse.

Chomwe tikutetezera apa ndi chachikulu kuposa mimba. Abambo ambiri amakaonera mpira kumalo omwera mowa ponena kuti kunyumba kulibe chisangalalo. Ndalama yomwe imathera kumeneko Loweruka limodzi ikadadyetsa nyumba yonse pamodzi ndi alendo. Ana amakula akudziwa kuti mpira ndi chinthu chomwe chimachotsa bambo pakhomo. Amayi amaudziwa ngati tsiku la ntchito yowonjezera. Chonsecho nthawi zomwe mpira udatisangalatsa koposa ndi zomwe tidaonera limodzi. Funsani aliyense komwe adali mu Januwale 2010 pomwe Flames idathira Algeria 3-0 ku Angola, kapena usiku wa pa 25 Januwale 2022 pomwe Gabadinho Mhango adaponya mzinga uja kuchokera kutali nkugoletsa Morocco ku Cameroon. Tidagonja 2-1, koma amene adaona chigoli chimenecho ndi maso ake sadzachiiwala. Ndiye taganizani za munthu yemwe adangochimvera kukhitchini chifukwa ankapakula.

Magetsi akathima, musataye mtima. Zonse ndafotokozazi zaphikidwa pambaula, ndipo wailesi ya mabatire ikadalipo. Tulutsani mipando pakhonde, tsegulani beseni, owulutsa mawu akuonereni.

Latsala lamulo limodzi, ndipo mugwirizane mpira usadayambe kuopa milandu. Mbale zotsuka palibe, koma chiwaya, mipeni ndi beseni zilipo. Ochemerera timu yomwe yagonja ndiwo atsuke. Zikathera kufanana mphamvu, atsuke ndi uja amakuwa kwambiri.